Momwe mungachepetsere kutentha kwa purosesa ya laputopu yanu

Malaputopu awiri a mtundu umodzi, onse a Core i5-8250U, akhoza kugwira ntchito yofanana koma ina n'kumatentha kuposa inzake. Musathamangire kunena kuti anakuberani. Mapurosesa satuluka ku fakitale ofanana ndendende: ina imafuna voteji yochulukirapo kuti ifike liwiro lomwelo, ndipo voteji ikakwera kutentha kumakweranso. TDP (muyezo wa kutentha kumene purosesa imatulutsa) ya mawati 15 imene Intel inalemba ndi ya mtundu wonsewo, yanuyo ili ndi khalidwe lakelake.

Yambani ndi kuyeza. Tsitsani HWiNFO64 (pulogalamu yoonetsa kutentha) ndi Cinebench R23 (yopanikiza purosesa ndi ntchito yolemera), zonse ndi zaulere, bandulo yokha ndiyo ikupwetekeni. Lumikizani chaja, yendetsani Cinebench mphindi 10, muziona kutentha pa mzere wa CPU Package mu HWiNFO64. Purosesa imeneyi malire ake ndi madigiri 100, ikafika pamenepo imadzichepetsera yokha liwiro. Koma malire si amodzi kwa onse: mapurosesa ambiri a AMD Ryzen 7000 a pa desktop anawapanga kuti azifika 95 popanda vuto. Yezani masana, kutentha kwa Okutobala kuno ku Blantyre kutafika penipeni.

Kenako tsegulani laputopuyo, chotsani fumbi pa fani, sinthani thermal paste, phala lija amapaka pa purosesa kuti kutentha kuzichoka bwino. Ma paste osalemba dzina amene amapezeka motchipa mu Limbe asiyeni, sachedwa kuuma. Arctic MX-4 ndi yodula koma imakhalitsa.

Tsopano potsitsa voteji, apa ndiye pofunika kudekha. Tsegulani pulogalamu ya ThrottleStop, lowani mu FIVR, gawo losinthira voteji, muzitsitsa voteji ya CPU Core ndi CPU Cache mofanana. Mnzanga wa ku Ndirande ali ndi makina ngati anga, ake amayenda bwinobwino pa -125 mV (mamilivoti). Anga nditawaika pamenepo anadutsa Cinebench osadandaula, koma ndikungolemba lipoti mu Word, zonse zinauma gwa, ntchito n'kutayika. Purosesa ikamapuma voteji imakhala yotsika kale, ndiye mukaichotseranso yambiri imagwa pa ntchito yopepuka, pomwe simukuyembekezera. Choncho nambala ya munthu wina musaitenge, ngakhale makina atakhala ofanana. Yambirani pa -50 mV, muzitsika ndi 10. Mukasintha, gwirani nayo ntchito tsiku lonse, muisiyenso ili chiyakire osaikhudza, muiyesenso pa batire, poti magetsi akazima n'komwe mudalire. Ikauma kamodzi kokha, bwererani masitepe awiri. Anga anakhazikika pa -80, ndipo fani inasiya kulira kosalekeza.

Mukapeza FIVR yokhoma, ndiye kuti BIOS, pulogalamu yoyatsa kompyuta, inatseka. Makampani ambiri anachita zimenezi vuto la chitetezo la Plundervolt litadziwika mu 2019. Zikatero tsitsani PL1, malire a mawati a purosesa, mu gawo la TPL la ThrottleStop, kapena mu Windows ikani Maximum processor state pa 99%, turbo (liwiro lowonjezera la purosesa) izima. A Ryzen 5000 pa desktop, fufuzani Curve Optimizer, yotsitsira voteji, mu BIOS. Imafika -30 (masitepe, osati mV), koma si purosesa iliyonse imene imapirira pamenepo, yambirani pa -10.