Musanagule TV ina, yang'anani kaye chingwe

Anzanga oonetsa mpira pa Lizulu ndi pa boma pa Ntcheu, ngati TV yanu ndi ya HD (yoyenera kuonetsa zithunzi zooneka bwino kwambiri) koma zithunzi zikuoneka mbuu, mpaka manambala a pa jezi osawerengeka, musathamangire kugula ina. Nthawi zambiri vuto limakhala chingwe.

Suzumirani kumbuyo kwa TV. Mukapeza timawaya titatu tija, kachikasu, koyera ndi kofiira, tizuleni. Kachikasuko kamanyamula chithunzi cha mizere 576 basi, pomwe HD imafuna 720 kapena 1080. Gulani chingwe cha HDMI (chimodzi chonyamula chithunzi cha HD ndi mawu omwe), chotchipa chomwecho chimagwira bwinobwino, mulumikize dikoda ku TV. Kenako dinani Source pa rimoti n'kusankha HDMI, ndipo mu Settings ya dikoda muike 1080i. Koma dikodayo ikhale ya HD, tchanelo chakenso chikhale cha HD, apo ayi palibe chisinthe.

Wina akamakutsatsani TV yakale ya 3D (yoonera mutavala magalasi apadera m'maso) pamtengo wokwera, musakopeke. Samsung inasiya kupanga ma TV otere mu 2016, LG ndi Sony mu 2017, ndipo magalasi ake akasweka, ena muwasowa kowapeza kuno.