Mmene mungamangire zipilala za pakhonde ngati za Ledoux

Abale a ku Ulongwe ndi ku Tsangano, nyumba zikumera mbali zonse koma zipilala za pakhonde zimandiwawa mtima, zoonda ngati bango, mwina zitatu, china chaima pakhomo penipeni mpaka mlendo kumachita kuzungulira. Ine pa ntchito ya upedreiro, yomanga nyumba, ndimatengera Claude-Nicolas Ledoux, mmisiri wa mapulani wa ku France uja anabadwa mu 1736. Iyeyu anamanga fakitale ya mchere ya mfumu ku Arc-et-Senans kuyambira 1775 mpaka 1779, ndiye nyumba ya bwana wa fakitaleyo anaiika pakati ndi zipilala zachilendo zedi, mwala wobulungira, pamwamba pake wa makona anayi, kenako wobulungira, mosinthanasinthana mpaka kudenga. Dzuwa likawomba makona aja amagwetsa mithunzi, chipilala nkumaoneka cholemera, champhamvu, ndiye taganizani ndi dzuwa lathu la ku Tete lino.

Poyamba werengani zipilala, zikhale ziwiri, zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, kuti chitseko chigwere pa mpata wa pakati. Kokani chingwe kuchoka pakati pa chitseko muyeze mofanana mbali zonse.

Kenako kunenepa kwake, apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amisiri akale ankati kutalika kwa chipilala chosakongoletsa kukhale ka 7 kapena ka 8 kuposa kunenepa kwake, ndiye ngati khonde lanu ndi la mamita 2.8 kuchoka pansi kufika kudenga, chipilala chinenepe masentimita 35 mpaka 40, osati 15 ayi chonde.

Waya wa pakati azikeni mu fandeshoni kaye. Chikombole cha zobulungira ine ndimadula mgolo kapena paipi yaikulu, cha makona ndimakhoma matabwa, chokulirapo ndi zala zitatu mbali iliyonse, msinkhu ukhale umodzi. Thirani konkireti gawo limodzi, gwedezani ndi kachitsulo mpweya utuluke, likagwira kwezani linzake, levulo isachoke mmanja chifukwa gawo limodzi likapendekeka onse apamwamba amatsatira.

Mukatha kulungani ndi masaka muzithirira madzi mmawa ndi madzulo kwa masiku 7, makamaka mu Okutobala, simenti ikauma msanga makona aja amayamba kuthothoka. Penti musachulutse, mtundu umodzi basi woyererako, kuti mithunzi ija izioneka bwino kuchokera kumsewu.