Kutseka sikirini ya Commodore 64 ngati katani

Kompyutayi malume anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo ndinaipeza m'sutikesi kwathu ku Luchenza, itachita fumbi. Inatuluka 1982, koma ikuyakabe bwinobwino.

Kuti chithunzi chitsekeke pang'onopang'ono kuyambira kumanzere, dziwani kaye izi: sikirini ili ndi mizere 25, uliwonse wa timabokosi 40. Mu memory (mosungira zinthu m'kompyuta), kabokosi koyamba kali pa adiresi 1024, mtundu wake pa 55296. Nambala 160 imadzaza kabokosi konse, ndipo 0 ndi mtundu wakuda. Lembani pulogalamu iyi mu BASIC, chinenero cha kompyutayi; lamulo la POKE limaika nambala pa adiresi:

10 FOR X=0 TO 39
20 FOR Y=0 TO 24
30 POKE 1024+Y*40+X,160
40 POKE 55296+Y*40+X,0
50 NEXT Y:NEXT X

Lembani RUN. Mdima uyamba kukwawa ngati nkhungu ya chiperoni ikamatsika m'minda ya tiyi. BASIC ndi yochedwa, kamba weniweni, koma pano kuchedwako n'kumene kumakometsa.

Mzere 40 wa pulogalamuyi musaudumphe. Ine ndinaudumpha, katani inatuluka yamawangamawanga, mtundu wa zilembo zakale. M'mphepete mwa sikirini mukhalabe mwa buluu mpaka mutalemba POKE 53280,0.

Musanayese, sungani pa tepi ndi SAVE. Lachiwiri magetsi anandithimira nditalemba theka, zonse zinapita.