Momwe mungakonzekeretsere mwana kuti ayambe kusaka yekha

Makolo ambiri amafunsa kuti mwana afike zaka zingati kuti apite kosaka yekha. Zakazo ndi poyambira chabe. Chachikulu ndi zimene mwanayo amachita ndi mfuti pamene palibe womuyang'ana.

Yambani ndi lamulo la dziko lanu, chifukwa malamulo amasiyana. Ku Germany wachinyamata wa zaka 16 angapatsidwe chiphaso cha ulenje, koma amasaka limodzi ndi munthu wamkulu mpaka atakwanitsa zaka 18. Ku Britain mwana wosakwana zaka 15 sanyamula mfuti ya shotgun yokonzeka kuwombera popanda womuyang'anira wa zaka 21 kapena kuposa. Ngati kwanu kuli maphunziro a alenje, mwana awachite ndithu. M'chigawo cha New York ku America maphunzirowa anakhala okakamiza kuyambira mu 1949.

Kenako musake naye kwa nyengo yaitali, inu mukuyenda pambuyo. Musalankhule kwambiri, muzingoona. Kodi kukamwa kwa mfuti kukuloza kuti akatembenuka kuti akulankhuleni? Chala chili pa chokhethemulira asanafune kuwombera? Pofika pa mpanda kapena powoloka mtsinje, amachotsa zipolopolo yekha kapena mpaka mumukumbutse? Koma chiyeso chenicheni chimabwera tchire likagwedezeka, mtima ukugunda, nyama isanaoneke bwino. Mwana amene amathamangira kuwombera kumene kwamveka tswatswa sanakhwime, kaya akhale ndi zaka 17. Ngakhale chipolopolo chaching'ono cha mfuti ya mtundu wa .22 chimatha kuuluka kuposa kilomita imodzi ndi theka, choncho ayenera kuona nyamayo komanso zimene zili kuseri kwake. Ine ndimakhulupirira kwambiri mwana amene watsitsa mfuti, nyama n'kuthawa, chifukwa sanali kuona bwino kumbuyo kwake.

Akapambana pamenepo, mutayireni chingwe pang'onopang'ono. Akhale pamalo amodzi masana, inu muli chapatali pamene mungamve akakuwa. Musafulumire kumulola kupita ndi anzake amsinkhu wake. Achinyamata akachulukana amafuna kudzionetsa, ndipo ngozi zimayambira pomwepo.

Tsiku loti apite yekha likafika, mugwirizane malo enieni ndi nthawi yobwerera, dzuwa lisanalowe. Atenge foni yodzaza moto, tochi, madzi, zomangira bala ndi wezulo. Kuimba wezulo katatu ndi chizindikiro chodziwika chopempha thandizo. Avale chovala cha olenji wowala kuti alenje ena amuone msanga, pakuti nyama ngati agwape sizisiyanitsa bwino mtunduwu. Asaiwale zotchingira makutu, chifukwa kulira kwa mfuti kumaposa madesibelo 140 (muyeso wa kukula kwa phokoso) ndipo kumawononga makutu mpaka kalekale. Akasochera asayendeyende, akhale pomwepo n'kumaimba wezulo.

Akaphwanya chimodzi mwa zimene munapangana, ngakhale kuchedwa kubwerera popanda kuimba foni, abwererenso kukasaka muli pambuyo pake.