Mmene tinapezera 150° yomwe inkatithawa

Mlongo wanga ali Fomu 4, akukonzekera MSCE. Loweruka usiku, kunja kukuwaza kamvula kozizira ka kuno ku Mzuzu, anabwera ndi kope lake pamene ndinkaotha mbaula.

"Achimwene, taonani. Ndalakwitsa pati?"

Funso linali 2 sin x − 1 = 0, x akhale pakati pa 0° ndi 360°. Mpaka pa sin x = 0.5 anayenda bwino. Atadina SHIFT ndi sin pa kakyuleta yake ya Casio, inamupatsa 0.5236. Ndinayamba kukayikira mabatire, pomwe vuto linali kachilembo ka R pamwamba pa sikirini: wina anaisiya pa ma radian, muyeso wina wa ngodya wosiyana ndi madigiri. Ndinadina MODE kawiri, kenako 1, D ya madigiri n'kuoneka. Yankho linabwera 30.

Koma aphunzitsi anali atalemba ndi cholembera chofiira kuti mayankho ndi awiri. Apa mpamene ndinatuluka thukuta.

Ndinajambula bwalo kuseri kwa kalendala, n'kuligawa panayi, ndipo zinandibwerera. Batani la sin⁻¹ (SHIFT ndi sin lija) limangopereka ngodya ya pakati pa −90° ndi 90°, zinazo umafufuza wekha. Sine imakhala positive m'chigawo choyamba (0° mpaka 90°) ndi chachiwiri (90° mpaka 180°), choncho yankho linalo ndi 180° − 30° = 150°. Anadina sin 150, pa sikirini n'kutuluka 0.5 ndendende. Anangoti, "Aa, basi?"

Ikakhala cos, umachotsa ngodyayo ku 360°. Ya tan sivuta, umangowonjezera 180°. Tinayesa cos x = 0.5, anapeza 60° ndi 300° yekha, makala asanazime.