Kupanga gitala yamagetsi kunyumba: yambani ndi khosi

Ambiri akaganiza zopanga gitala yawoyawo amayamba ndi kujambula thupi, nyanga zake ndi mtundu wa penti. Thupi ndi thabwa lonyamula zitsulo basi, ngakhale litapindika pang'ono gitala ilirabe. Chimene sichikhululuka ndi khosi, pamodzi ndi mtunda wochokera pa nut, kafupa ka kumutu kamene mawaya amatsamirapo, kukafika pa bridge, chitsulo cha pathupi chimene mawaya amakhalirapo. Mukaphonya pamenepo ndi milimita imodzi, gitala idzakhala yokongola koma yosachunika.

Pa gitala yoyamba tengani kapangidwe ka Telecaster, kamene Leo Fender anatulutsa mu 1950 ndipo kanalandira dzinali mu 1951. Thupi lake ndi lafulati, khosi limamangidwa ndi masikuluu 4, ndipo likalakwika mumangolimasula n'kupanga lina. Muyeso wake wochokera pa nut kufika pa bridge ndi mainchesi 25.5, amene ndi mamilimita 648. Manambala onse m'munsimu atengera pamenepo.

Matabwa

Ku msika wa Buseko ku Lusaka mupeza mukwa, umene kum'mawa amati mlombwa, komanso mukusi ndi paini. Mukwa ndi wabwino pa thupi ndi pa khosi pomwe, chifukwa ukauma sugwedezekagwedezeka nyengo ikasintha, ndipo susautsa kupala. Mukusi ndi wolimba ndiponso wolemera kwambiri. Thupi la mukusi lingakuthyoleni phewa pa siteji, koma pa kathabwa kakutsogolo kwa khosi, kokhomapo mafreti (tizitsulo topingasa pakhosi pamene zala zimadina waya), ndi wabwino zedi. Ungokuphetsani mapulena msanga. Paini musamunyoze: magitala ena oyambirira a Fender anali ndi matupi a paini. Amalowa mabala msanga, koma pa thupi amakwana. Pa khosi ayi.

Vuto lenileni ndi madzi. Wogulitsa aliyense amati thabwa lake ndi louma. Ngati mulibe kachipangizo koyezera chinyezi, ikani thabwa pa sikelo, lembani kulemera kwake ndi pensulo pathabwa pomwepo, ndipo muziliyeza mlungu uliwonse. Likakhala milungu 4 osatsika, lauma. Lisungeni m'nyumba pamthunzi, litagona pa timitengo kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo kumapeto kwake pakani penti kapena phula la kandulo kuti lisang'aluke. Thabwa longochekedwa kumene limafuna pafupifupi chaka chimodzi pa mamilimita 25 alionse a kuchindikala kwake. N'chifukwa chake chitseko chakale kapena tebulo lothyoka la mukwa limaposa thabwa latsopano.

Thupi lifuna zidutswa ziwiri za mamilimita 450 x 170 x 50, zimene mudzapala kufika 44. Khosi lifuna 700 x 90 x 25, la mizere yowongoka, lopanda mfundo, lodzapalidwa kufika 19. Kathabwa ka mafreti ndi 500 x 65 x 6. Mawaya 6 a seti ya 10 mpaka 46 (manambala a kunenepa kwa waya) amakoka khosi ndi mphamvu ya makilo oposa 45 usana ndi usiku, choncho ngati mukulikayikira thabwa la khosi, ling'ambeni patatu m'litali, tembenuzani chapakati, n'kumatanso ndi guluu. Chidutswa china chikafuna kupindika, chinzake chimachigwira.

Musabowole kabowo ngakhale kamodzi zitsulo musanazigwire m'manja: makiyi ochunira, bridge, truss rod (ndodo yachitsulo ya m'kati mwa khosi yoliwongolera), waya wa mafreti wokwana mamita awiri, ma pickup (timaginito totola mawu a mawaya), mapoti (tizitsulo totembenuza tokwezera ndi kusinthira mawu), switchi, jeki ndi kachitsulo ka kumbuyo kwa khosi. Miyeso yolembedwa pa intaneti imasiyana ndi katundu amene afika. Njira yotsika mtengo ndi kugula gitala yakufa, yothyoka khosi, n'kuchotsako zitsulo. Kenako dulani mapatani a thupi ndi khosi pa MDF ya mamilimita 12, ndipo pa chilichonse jambulani mzere wapakati. Mzerewo ukafufutika ndi sandipepala, ubwezereni nthawi yomweyo.

Khosi

Ngalande ya truss rod imakumbidwa thabwa likadali la makona anayi, pamene rauta, makina amagetsi okumbira thabwa, ili ndi m'mbali mowongoka motsamira. Ma truss rod ambiri okhotetsa mbali zonse ziwiri amafuna ngalande ya mamilimita 6 m'lifupi ndi 9 kapena 10 kuya, koma yezani yanu. Ilowe mothina, isagwedere, ndipo ifanane ndi pamwamba pa thabwa.

Mipata ya mafreti nayonso imadulidwa kathabwa kasanasongoledwe, kuti sikweya igwire bwino. Kawerengedwe kake n'kotere: gawani 648 ndi 17.817, mupeza 36.37, ndiwo mtunda wochokera pa nut kufika pa freti yoyamba. Chotsani 36.37 pa 648, chotsalacho gawaninso ndi 17.817, muzipitiriza choncho. Kuchokera pa nut, freti yachiwiri ikhala pa 70.70, yachitatu 103.10, yachisanu 162.55, ya 7 pa 215.51, ya 12 pa 324 ndendende, ya 21 pa 455.35. Ngati ya 12 sinagwe pakati penipeni, masamu alakwika penapake.

Freti iliyonse muziiyeza kuchokera pa nut, osati kuchokera pa freti inzake. Mukamayeza kuchokera pa inzake, kaphonyedwe kakang'ono ka poyamba kamanyamulidwa mpaka kumapeto. Gwiritsani rula yachitsulo yomatidwa ndi tepi kuti isasunthe, ndipo lembani ndi nsonga ya mpeni, chifukwa mzere wa pensulo pawokha ndi wonenepa theka la milimita.

Sowo yake idule mpata wa mamilimita 0.6. Hakisowo wamba amadula motakata ndipo freti siigwira. Ngati sowo ya mafreti palibe, tengani bledi ya hakisowo kakang'ono, muipere m'mbali zonse ziwiri pa mwala wonolera, mukuyesa pa kachidutswa ka mukusi mpaka mwendo wa freti uzilowa ndi hamala osati ndi chala. Kuya kwake kupose pang'ono kutalika kwa mwendowo, kawirikawiri pafupifupi mamilimita 2.

Pomata, tsekani pamwamba pa truss rod ndi tepi yopyapyala kuti guluu asalowemo, apo ayi sidzatembenuka. Guluu woyera wa akalipentala akwana. Kathabwa kopakidwa guluu kamaterera mukakamanga, ndiye bowolani timabowo tiwiri m'mipata ya freti yoyamba ndi ya 20, pambali pa ngalande, mulowetsemo timisomali togwirizira. Makilampu akachepa, malegeni a chubu cha njinga okulungidwa mothinitsa kuzungulira khosi lonse amapanikiza mofanana kuposa makilampu atatu. Lisiyeni maola 24.

Likauma dulani m'mbali: mamilimita 42 pa nut, pafupifupi 56 kuchidendene. Mutu upalidwe kufika 14 kapena 15, poti ukachindikala makiyi safika. Makiyi ambiri amakono amafuna mabowo a mamilimita 10, ndipo pobowola ikani kathabwa pansi kuti kumbuyo kusathetheke. Pamwamba pa kathabwa ka mafreti pamafunika kubulungira pang'ono, ngati chidutswa cha bwalo la mamilimita 305 kuchokera pakati pake. Sembani chipika chokhala ndi mphako ya muyeso umenewo, matanimo sandipepala wa 80, khwatchani kathabwa konse ndi pensulo, n'kupera m'litali mpaka pensulo yonse itatha. Mukatero mipata ya m'mphepete imakhala itafupika, choncho ibwerezeni ndi sowo.

Kumbuyo kwa khosi kumasemedwa ndi tupa ya matabwa. Yambani ndi malo awiri, pa freti yoyamba mufike mamilimita 21, pa ya 12 mufike 23, kenako lumikizani ndi rula. Apa ndi pamene dzanja limakoma n'kupitirira. Kumbukirani kuti kathabwa ndi ngalande zadya kale pafupifupi mamilimita 16 mwa 21 amenewo. Mukatsika kufika 18, tsiku lina pomanga truss rod idzatulukira kumbuyo.

Waya wa mafreti upindeni kuposa kubulungira kwa kathabwa. Khomani mapeto awiri poyamba, kenako pakati, ndi hamala ya pulasitiki, khosi litagona pa kathumba ka mchenga. Freti yowongoka ikakhomedwa pakati imadzutsa mapeto. Dontho la supa guluu m'mphepete limathandiza. Dulani zotsala, perani mapeto mopendeketsa pang'ono, pakani maka pamwamba pa mafreti onse, ndipo yendetsani chitsulo chowongoka chomatidwa sandipepala wa 320 mpaka maka yachoka pa freti iliyonse. Pamene yatsala, freti ndi yotsika. Pomaliza bwezerani kubulungira kwa mutu wa freti iliyonse ndi tupa yaing'ono. Khosi lokhomedwa mu February, mvula ili pakati, limafota pofika October ndipo mapeto a mafreti amatuluka n'kumacheka zala. Si kulakwitsa kwanu, mungowaperanso nthawi imeneyo.

Thupi

Matani zidutswa ziwiri zija, mzere wolumikizira ukhale mzere wapakati. Chisa cha khosi chikumbidwe thupi lisanadulidwe, rauta ikadali ndi pokhala. Patani yake musaitenge papepala. Gonekani khosi lanu lenilenilo pa mzere wapakati, ikani timatabwa towongoka titatu kuzungulira chidendene chake, timangeni, chotsani khosi, ndipo rauta itsate timatabwato. Kuya ndi mamilimita 16, kutalika pafupifupi 76. Chotsani nyama yambiri ndi dirilo poyamba, rauta izidya mamilimita 3 kapena 4 pa ulendo umodzi. Malaiti akapita, tchizulo yakuthwa imagwira ntchito yomweyo, imangofuna kuleza mtima. Chisa chabwino n'chimene khosi limalowa ndi kukankha kwa dzanja, ndipo mutha kunyamula thupi pogwira khosi masikuluu asanalowe.

Mabowo a masikuluu pa thupi akhale otakata moti sikuluu idutse osaluma, koma pa khosi akhale aang'ono, a mamilimita 3. Sikuluu ikaluma mbali zonse ziwiri, khosi silikokedwa pansi ndipo pamatsala mpata. Kulungani tepi pa dirilo kuti musabowole mpaka kutulukira pa mafreti.

Malo a bridge amapezeka khosi litamangidwa. Gonekani rula yaitali m'mbali zonse ziwiri za khosi, jambulani mizere iwiri pathupi, ndipo pakati pake ndiye pakati pa bridge, ngakhale patasiyana ndi mzere wakale uja. Yezani 648 kuchokera pa nut. Pa bridge waya aliyense amakhala pa kampando kosunthika. Kampando ka waya wamng'ono kakhale pamenepo katasunthidwira pafupi ndi mapeto ake a kutsogolo, chifukwa pochuna timipando tonse timabwerera m'mbuyo, ka waya wamkulu mpaka mamilimita 3 kapena 4. Musanabowole, kokani ulusi uwiri m'malo mwa mawaya a m'mphepete muone ngati atalikirana mofanana ndi m'mbali mwa khosi. Kumbani malo a ma pickup ndi a mapoti, kusiya mamilimita osachepera 6 kumbuyo, ndipo musaiwale kabowo ka waya wa ethi kochokera pansi pa bridge.

Kupaka sikufuna nkhani yaitali. Perani mpaka sandipepala wa 320, mutavala chophimba mphuno, poti fumbi la mitengo yolimbayi limayabwa pakhosi. Mukwa uli ndi timabowo tambiri, penti yonyezimira imafuna kuti titsekedwe kaye, pamene mafuta a linseed ophika amangofuna kupaka mopyapyala kanayi kapena kasanu, tsiku limodzi pakati. Nsanza za mafutawa muziyanike poyera, chifukwa zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka. Vanishi wopopera amachita mbuu mukapopera kunja kuli chinyezi cha mvula, ndipo mphepo ya August imamwaza fumbi pa chilichonse chonyowa.

Zamagetsi ndi kuchuna

Ma pickup a koilo imodzi amayenda ndi mapoti a 250k ndi kapasita ya 0.047, ma humbucker, a makoilo awiri, amayenda ndi 500k ndi 0.022. Chowotcherera cha mawati 40 chikwana. Palani kumbuyo kwa poti kuti mtovu ugwire, ndipo musachedwepo, poti imapsa m'kati. Pickup ya koilo imodzi imatola kung'ung'udza kwa magetsi athu a 50 Hz. Kuti kuchepe, yalani foyilo ya kukhitchini m'mabowo onse ndi guluu wa nsapato, n'kuilumikiza ku ethi ndi sikuluu, popeza mtovu sugwira pa aluminiyamu. Phokoso likachepa mukagwira mawaya, zili bwino. Likapanda kusintha, waya wa ethi sunakhudze bridge. Likakula mukagwira, mwasinthanitsa mawaya a pa jeki. Ndipo soketi yopanda ethi musalumikizepo ampu, chifukwa mawaya amene zala zanu zagwira ndi olumikizidwa ku chitsulo cha ampuyo.

Nut ya fupa la ng'ombe lowiritsidwa ndi kuumitsidwa imaposa ya pulasitiki. Mawaya a m'mphepete akhale mamilimita 3 kuchokera m'mbali. Kuchuna kuli ndi ndondomeko yake, ndipo mukadumpha mudzabwereza. Yambani ndi truss rod: dinani waya wamkulu pa freti yoyamba ndi yomaliza, mpata pa freti ya 8 ukhale mamilimita 0.25, ngati kuchindikala kwa kakhadi kapepala. Ukakula mangani, ukasowa masulani, kota ya kutembenuza pa nthawi imodzi. Kenako kwezani kapena tsitsani timipando mpaka mpata pa freti ya 12 ukhale 2.0 kwa waya wamkulu ndi 1.6 kwa wamng'ono. Mipata ya nut ikumbeni mpaka waya wodinidwa pa freti yachitatu utsale pang'ono kukhudza yoyamba. Nut yokwera ndiyo imachititsa kuti makodi a kumutu azimveka ophonya pamene mawaya osadina achunika bwino.

Tsopano imbani waya wosadina, kenako mudine pa freti ya 12, tyuna ya pa foni ikuonetsa. Mawu odina akakwera, bwezani kampando m'mbuyo, kutali ndi khosi. Akatsika, kabweretseni kutsogolo. Ma pickup akhale mamilimita 2.4 pansi pa waya wamkulu ndi 2.0 pansi pa wamng'ono mutadina freti yomaliza, chifukwa akayandikira kwambiri maginito amakoka waya ndipo mawu amanjenjemera. Khosi latsopano limasuntha m'milungu iwiri yoyamba pamene likuzolowera kukokedwa, choncho mudzayezenso zonsezi pamenepo, komanso mvula ikayamba mu November.