Kupezera mwana malo pa sukulu ya boma kuno ku Lusaka

Abale anga amene mwangofika kumene ku Lusaka ndi ana, kapena mukuganiza zokawatenga kumudzi, choyamba iwalani kalendala ya kwathu ija. Ku Malawi sukulu zimatsegulira Seputembala, kuno chaka chimayamba Januwale nkutha Disembala, matemu atatu omwewo. Ine wanga ndinakamutenga ku Mchinji mu Ogasiti atangomaliza Sitandade 4, mumtima ndikuti ndaitha akayambira limodzi ndi anzake, kufika kuno anzakewo akukonzekera temu yomaliza. Ahedi anangoti mayi, alowe Giredi 4 yomweyo amalize temuyi, Giredi 5 adzayambe Januwale. Ndinakwiya zedi kuti akundibwezera mwana m'mbuyo, koma miyezi itatu ija ndi imene anaphunzirira kukwera basi yekha, kuzolowera aphunzitsi ndi kalankhulidwe ka anzake, ndiye musalimbane nawo akakuuzani choncho.

Mapepala bwerani nawo kuchokera kwathu, osati muzidzaimbira achimwene kuti akujambulireni pa WhatsApp. Kalata ya transifa yodinda chidindo cha sukulu yakale, malipoti a matemu omaliza, setifiketi yobadwira ya ku NRB, ndipo ngati ndi wamng'ono kabuku kake ka kusikelo. Mapepala a mwana a ku Immigration akhalenso bwinobwino monga anu. Mupite nokha kwa ahedi cha mu Okutobala kapena Novembala, Januwale mupeza mzere wofika kugeti. Sukulu ziwiri zitatu zikakuuzani kuti malo adzaza pitani ku ofesi ya DEBS, ndi amene amayang'anira sukulu zonse za boma m'boma la Lusaka, ngati a DEM kwathu kuja.

Kudzazako si bodza ayi. Boma la a Hakainde Hichilema linachotsa fizi mu Januwale 2022 kuyambira ku mkaka mpaka Giredi 12, ana amene ankangokhala pakhomo onse anakhamukira kusukulu, moti ngakhale chaka chomwecho analemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 m'makomboni ngati Kanyama, Chawama, Matero muja kalasi imakhalabe yothinana. Sukulu zambiri zili ndi mashifiti, ena m'mawa ena masana, funsani msanga wanu ali iti makamaka ngati mumalawirira kumsika. Ulerewo ndi wa fizi basi, yunifolomu, nsapato, makope ndi ya basi zonse ndi zanu, ine ndimagula ku Kamwala. Wina akakutchulirani ndalama poti ndinu mlendo, funsani kuti ndi ya chiyani ndipo lisiti lituluke.

Tsono apa mumvetsetse, chifukwa makalasi akusintha. Kale inali Giredi 1 mpaka 7 pulayimale, 8 ndi 9, kenako 10 mpaka 12. Kuyambira 2025 anayamba kulowetsa pang'onopang'ono dongosolo latsopano, pulayimale zaka 6, Fomu 1 mpaka 4, kenako Fomu 5 ndi 6 ya A level, ndiye pasukulu imodzi mupeza ena akuti ali Fomu 1 ena akuti ali Giredi 11, musadabwe. Musangoti Sitandade yakuti ndi Giredi yakuti, kwathu pulayimale ndi zaka 8 kuno ayi. Mayeso amalembetsa ndi a ECZ, ndiye MANEB ya kuno, ndipo mwana wobwera ndi PSLCE kapena JCE mukafunse kumeneko kuti ayifananize ndi yakuno. Wa Fomu 3 kapena 4 ine ndimati musiyeni amalize MSCE kwathu, kumuzula pakati ndi kumuzunza chabe.

Masekondale amene aliyense amawatchula ndi Munali, Kabulonga Boys ndi Girls, David Kaunda, Libala, Kamwala, palinso amishoni othandizidwa ndi boma monga Roma Girls ndi Matero Boys. Kumeneko amatengera mapointi, si zongopita ndi nkhope. Komanso ganizirani mtunda, mwana wa ku Kanyama kupita ku Munali ndi mabasi awiri ndi jamu ya mtauni tsiku ndi tsiku.

Chondiseketsa ine ndi phunziro la Cinyanja. Ana obadwira kuno amalankhula cha m'tauni chosakaniza Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, akatsegula buku amaona ngati chilankhulo china, pomwe wanga akuwerenga ngati ali kwa agogo ake. Ankamuseka kuti iwe ukamba monga nkhalamba, koma pa mayeso ndi iye ankawaposa. Chinamugwetsa poyamba ndi kalembedwe kokha, kuno salemba chinthu kapena chabwino, amalemba cinthu, cabwino, ndiye kope lake loyamba linabwera lofiira ndi bolopeni ya aphunzitsi, h aliyense wa mu ch atakhwatchidwa.